Sitolo Yaikulu Ikabwera M'komboni, Tidzawolokera Pati?

Malata akangozungulira malo opanda kanthu m'mbali mwa msewu waukulu wa m'komboni, anthu a mu Lusaka safunsa kawiri. Amadziwa kuti pakubwera filingi sitesheni, tchalitchi kapena molo. Ikakhala molo yokhala ndi supamaketi, nkhani imagawika pomwepo. Anyamata amayamba kufufuza kokasiya makalata ofunsira ntchito. Eni tuntemba amawerengera chamumtima makasitomala amene awathawe. Ndiye pamakhala gulu lina, kawirikawiri azimayi ndi aphunzitsi a pasukulu yapafupi, limene limafunsa chinthu chimodzi chokha: nanga ana azidzawolokera pati?

Funso limeneli ndi limene limachedwa kuyankhidwa, ndipo wolifunsa amaonedwa ngati wansanje, wosafunira anzake zabwino. Komatu aliyense amene wakhalapo pafupi ndi sitolo yaikulu ya m'komboni akudziwa kuti msewu wa pakhomo pake umasintha khalidwe tsiku lomwelo limene akuluakulu adula riboni.

Masitolo amenewa sanayambire m'komboni. Shoprite ya ku South Africa inafika mu 1995, nthawi ya Frederick Chiluba, pamene masitolo a boma ankagulitsidwa, ndipo inayambira mu Cairo Road. Manda Hill inatsegulidwa mu 1999 mu Great East Road, Arcades n'kutsatira mu 2003, kenako Levy Junction mu 2011. Omanga malo amenewa ankaganizira munthu wobwera pa galimoto yake: bwalo lalikulu loimikapo magalimoto kutsogolo, geti lotakata, trole yokankha mpaka pa buti. Koma ogula a ku Kabulonga ndi ku Woodlands ali ndi polekezera, pamene unyinji uli kwina. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka, ndipo pafupifupi asanu ndi awiri mwa khumi aliwonse amakhala m'makomboni. Amalonda anaona zimenezi. Choppies ya ku Botswana itafika mu 2015 inatsegula ku Kanyama. Mu Kafue Road, kufupi ndi Chawama, munamera Makeni Mall, Cosmopolitan ndi Embassy. East Park inamangidwa pa malo a yunivesite ya UNZA, chapafupi ndi Kalingalinga.

Sitolo inasamuka, koma pulani yake inangonyamulidwa momwe inalili. Bwalo la magalimoto ndi lomwe lija, geti ndi lomwe lija, chonsecho wogula wa ku George kapena ku Mtendere amabwera wapansi, kapena amatsika minibasi, ndipo amabwerera katundu ali pamutu kapena pa wilibala ya mnyamata wa zamkabu. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, mwa kuona kwanga.

Kuti timvetse chifukwa chake misewu ya m'komboni siitha kulandira mlendo wamkulu chotere, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Atsamunda atasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, anajambula mzinda wa misewu yotakata ndi mitengo m'mbali, koma munthu wakuda ankawerengedwa ngati wongodzagwira ntchito, wodzabwerera kumudzi. Ambiri anakamanga pa mafamu ndi pafupi ndi makwale a azungu, n'chifukwa chake makomboni ena mpaka lero amadziwika ndi maina achizungu monga George, John Laing ndi John Howard. Nyumba zinayamba, njira n'kumadzipezera yokha podutsa pakati pake. Matero ndi wosiyanako, chifukwa anamangidwa ndi khonsolo m'zaka za m'ma 1950 ndipo misewu yake inachita kujambulidwa. Lamulo la 1974 linavomereza makomboni ambiri kuti ndi malo okhala anthu, ndipo ndalama za World Bank zinabweretsa mipopi ndi misewu ingapo ku George ndi ku Chawama. Kalingalinga anakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la ku Germany. Koma palibe amene akanagwetsa theka la komboni kuti msewu ukule. Zotsatira zake n'zakuti komboni yonse imadalira msewu umodzi kapena iwiri: Los Angeles Road ndi Mumbwa Road ku Kanyama, Commonwealth Road ku Matero, Chifundo Road ku Chawama, Alick Nkhata Road ku Kalingalinga ndi Mtendere. Msewu womwewo ndi wa minibasi, wa maliro, wa ana a sukulu, wa ogulitsa tomato ndi salaula, ndiponso ndi womwewo umene mwini sitolo amaufuna, popeza ndi pamene pali anthu.

Kuyambira mu 2013 ntchito ya L400, imene inagwiridwa ndi kampani ya ku China ya AVIC International, inathira phula m'misewu yambiri ya mu Lusaka, ya m'makomboni yomwe. Tonse tinaomba m'manja, ndipo fumbi linachepadi. Koma maenje aja, ngakhale tinkawatukwana, ankagwira ntchito ya wapolisi: palibe amene ankathamanga. Phula litabwera liwiro linakwera, pamene malo oyendamo apansi m'misewu yambiri anakhalabe kampata ka pakati pa phula ndi ngalande yosavindikira. Ku Kanyama, kumene madzi salowa pansi msanga chifukwa cha thanthwe, mvula ikagwa kampata kameneko kamasanduka dziwe, ndipo aliyense amakwera pa phula kukapikisana ndi magalimoto.

Madzulo ena a Lachisanu, mwezi utangotha, ndinaima pa geti la supamaketi ina kwathu kuno kudikira mlongo wanga. Inali cha m'ma 17 koloko. Minibasi ziwiri zinali zitaima pakamwa penipeni pa geti, ngwangwazi zikukuwa kuti watsala mmodzi yekha wa ku tauni. Lole ya zakumwa inali ikubwerera chammbuyo kuchokera mumsewu, mlonda akuimenya m'nthiti ndi dzanja kuti dalaivala amve. Ndiye kunatulukira mayi wina, thumba la ufa la makilogalamu 25 lili pamutu, khanda kumsana, kamwana kena ka zaka ngati zisanu katagwira nsonga ya chitenje. Munthu wosenza katundu wotere satembenuza khosi. Kuti aone kumanja amayenera kutembenuka thupi lonse. Anadutsa pakati pa minibasi ziwiri zija n'kuponda phula. Matayala analira. Galimoto yaing'ono inaima patangotsala pang'onong'ono kuti igunde kamwana kaja, ndipo dalaivala anasuzumira pawindo.

"Amai, mufuna kufa?"

"Nanga ndiwolokere pati, atate? Ndiuluke?"

Anthu anaseka, mayi uja n'kupitiriza ulendo. Ine ndinayang'ana uku ndi uku kufuna poti ndikanamulozera. Panalibe mzere wowolokerapo, panalibe hampu, panalibe ngakhale kageti ka oyenda pansi. M'kati mwa mpanda, mizere yoimikira magalimoto inali yopentedwa bwino, yoyera mbee, ndipo theka lake linali lopanda galimoto.

Zimene zinachitika pamenepo si tsoka ayi, ndi mmene geti la sitolo limagwirira ntchito. Ku Zambia timayendetsa kumanzere, choncho wokhotera kumanja kuti alowe pasitolo amayenera kudula njira ya magalimoto obwera kutsogolo kwake. Maso ake onse amakhala pa magalimotowo, kudikira mpata, ndipo mpata ukapezeka amaponda mafuta mwamphamvu osayang'ananso amene akudutsa pa geti. Wotuluka nayenso amachita chimodzimodzi. Lole yobweretsa katundu ili ndi malo, kutsogolo kwenikweni, m'mbali ndi kumbuyo, amene dalaivala saona ngakhale magalasi ali bwinobwino, ndipo mwana wamfupi amabisika mmenemo yense. Minibasi imaima pamene pali okwera, osati pamene pali chikwangwani, ndipo ikaima imaphimba wowoloka kuti asaone chimene chikubwera, n'kuphimbanso wobwerayo kuti asaone wowoloka. Onjezani matakisi oitanitsa pa foni, njinga zamoto zoperekera katundu, ndi azimayi ogulitsa ndiwo zamasamba amene amayala malonda awo pomwe pali kampata ka oyenda pansi kaja. Palibe mmodzi mwa anthu amenewa amene ali ndi mtima woipa. Aliyense akutsata ndalama, ndipo ndalama zaunjikana pa geti.

Usiku zimaipiraipira. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse. Supamaketi inkayatsa jenereta n'kumawala yokha ngati mwezi, pamene msewu wa kutsogolo kwake unali bii, maloboti atafa. Wotuluka m'kuwala kulowa mumdima saona bwino kwa kanthawi, ndipo dalaivala woyang'ana kuwalako saona munthu wovala zakuda amene ali pakati pa msewu.

Ziwerengero nazo sizikutsutsa mantha a azimayi aja. M'zaka zaposachedwapa apolisi akhala akulengeza kuti anthu ofa pa ngozi za pamsewu mu Zambia amafika cha m'ma 2,000 pachaka, ndipo gulu lalikulu koposa mwa iwo ndi oyenda pansi. Chigawo cha Lusaka ndicho chimatsogola pa kuchuluka kwa ngozi. Lipoti la bungwe la zaumoyo la WHO la 2023 linati pa dziko lonse anthu 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo tikayerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, Africa ndiye ali pamwamba ngakhale ali ndi magalimoto ochepa. Bungwe lomwelo limati pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 palibe chimene chimapha kuposa msewu. Chimene chimasiyanitsa kuchipatala ndi kumanda kawirikawiri ndi liwiro. Galimoto ikagunda anthu ikuyenda makilomita 30 pa ola, pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi amapulumuka. Liwiro likachoka pa 50 kufika pa 65, mpata woti wogundidwayo afe umachuluka kanayi ndi theka. N'chifukwa chake msonkhano wa nduna za maiko ku Stockholm mu February 2020 unapempha kuti paliponse pamene anthu ndi magalimoto amasakanikirana, liwiro lisapitirire 30. Zambia inaika kale lamulo lotere pafupi ndi masukulu. Geti la supamaketi ya m'komboni pakutha kwa mwezi limakhala ndi ana ochuluka ngati geti la sukulu, kungoti savala yunifolomu.

Boma silinganene kuti silidziwa kuti mamolo amadzaza misewu. Pa milatho inayi ya magalimoto imene inamangidwa kuyambira mu 2018 pofuna kuchepetsa kuthithikana mu Lusaka, ndi ngongole ya ku India ndi kampani ya Afcons, iwiri ili pambali pa mamolo, wa ku Makeni ndi wa pa Arcades. Inayo ndi ya ku Munali ndi ku Longacres. Mankhwala anaperekedwa, koma anali a wodwala wa pa galimoto. Woyenda pansi akakumbukiridwa amapatsidwa mlatho wa masitepe, monga wa pa Manda Hill ndi wa pa UNZA, ndipo akapezeka akuwoloka pansi pake amatchedwa wosamva. Ine ndimakayikira kwambiri mankhwala amenewa. Wilibala siikwera masitepe. Gogo wa ndodo, mayi woyembekezera, munthu wa pa njinga ya olumala, onsewa mlatho umawakana. Kukada anthu amaopa kukumana ndi majanki pamwamba pomwe palibe kothawira. Choipa kwambiri n'chakuti dalaivala akaona mlatho amaganiza kuti pansi ponse ndi pake, ndiye amawonjezera liwiro. Pa msewu waukulu ngati Kafue Road mlatho ungakhale ndi malo ake, koma m'kati mwa komboni chofunika n'chakuti galimoto ifatse, munthu awoloke pansi pomwe amayenda kale.

Tisanamize anthu: sitolo yapafupi ili ndi ubwino wake, ngakhale pa nkhani ya ngozi yomweyi. Mayi wa ku Kanyama amene kale ankakwera basi kupita ku tauni, n'kukalimbana ndi malole mu Lumumba Road kuti akafike ku Cairo Road, lero amagula pafupi ndi kwawo. Ulendo umene sunayendedwe ndi ngozi imene sinachitike. Ntchito nazo zimapezeka, ngakhale malipiro ake ndi nkhani ya tsiku lina. N'zoonanso kuti pakati pa odandaula za msewu pamakhala ena amene nkhawa yawo yeniyeni ndi kantemba kawo. Amenewo ndingawatonthoze kuti supamaketi siigulitsa timapaketi ta ufa ta pamela, siigulitsa mafuta ophikira a supuni imodzi, ndipo siikongoza munthu mpaka Lachisanu. Koma ngakhale wofunsayo atakhala ndi zifukwa zake zamseri, funso la powolokera limakhalabe lofuna yankho.

Ena amangoti walira mvula walira matope: mwafuna chitukuko, landirani ndi magalimoto omwe. Mwambiwu ndi woona, koma wodziwa kuti mvula ikubwera amakumbiratu ngalande. Ndipo ngalande za nkhani imeneyi zimadziwika. Bungwe la Amend, limene limakonza misewu ya pafupi ndi masukulu m'mizinda ya mu Africa, linaika mahampu, njira za oyenda pansi ndi mizere yowolokerapo pa sukulu ya pulaimale ya Justin Kabwe mu Lusaka muno. Kafukufuku wa ntchito yofanana ndi imeneyi ku Dar es Salaam anapeza kuti kuvulala kwa ana pamsewu kunatsika ndi 26 pa 100 alionse. Palibe chodabwitsa chimene anachita. Ndi simenti, penti ndi zikwangwani. Pa sitolo pangafunike zomwezo, kuwonjezapo kageti ka oyenda pansi kotalikirana ndi ka magalimoto, polowera malole pakepake pomwe lole ingatembenukire m'kati mwa mpanda osabwerera chammbuyo mumsewu, ndi maola obweretsera katundu osagundana ndi nthawi imene ana akupita kapena kuweruka kusukulu. Powolokera pazikhala pokwera ngati hampu, chifukwa penti yokha madalaivala athu saiopa. Minibasi ipatsidwe pokhotera pake pambali, popeza idzaimabe, tifune tisafune. Magetsi a dzuwa aunikire msewu, osati bwalo la magalimoto lokha.

Za ogulitsa pa geti, kuwathamangitsa kwayesedwa kokwanira. Mu January 2018, kolera itavuta, asilikali anachotsa ogulitsa m'misewu ya mu Lusaka, ndipo ku Kanyama kunabuka zipolowe. Patapita nthawi ogulitsawo anabwerera. Mwini sitolo amene angapatule kachigawo ka bwalo lake losadzaza lija kuti azimayi a tomato ayalepo, angachotse anthu ambiri pa phula kuposa mmene apolisi a khonsolo angachitire chaka chathunthu.

Funso lotsala ndi lakuti alipire ndani, ndipo apa m'pamene nkhani imasochera m'maofesi. Chilolezo chomanga chimachokera ku khonsolo ya mzinda wa Lusaka, motsatira lamulo la mapulani a mizinda ndi zigawo la 2015. Misewu ikuluikulu monga Kafue Road, Great East Road ndi Mumbwa Road ili m'manja mwa bungwe la misewu la RDA. Za chitetezo cha pamsewu ndi ziphaso za madalaivala ndi za RTSA, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2002. Za chilengedwe amaona ndi a ZEMA, ndipo wothamangitsa galimoto amagwidwa ndi apolisi. Ofesi iliyonse ili ndi gawo lake, koma kachidutswa ka msewu ka pakati pa geti la sitolo ndi tsidya linalo n'kosavuta kuti aliyense akaone ngati ka mnzake. Akatswiri amene amalembedwa ntchito kuti aunike mmene chimango chidzakhudzire msewu, kuno ndi kunja komwe, anazolowera kuwerenga magalimoto ndi mphindi zimene adzachedwe pa mphambano. Kafukufuku wa sitolo ya m'komboni amene sanawerenge mapazi, sanaone kumene kuli sukulu, chipatala ndi msika, ndiponso sanaime pamalopo madzulo a kutha kwa mwezi, sayenera kulandiridwa.

Mu 2022 ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, za CDF, zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo ena amati mahampu ndi magetsi a pa sitolo achokere mmenemo. Ine ndikukana. Ndalama zimenezo zikudikiridwa ndi madesiki, zimbudzi ndi ngalande za komboni yonse. Amene wabweretsa khamu pa geti ndi amene akudya phindu la khamulo, ndipo mtengo wa powolokera ndi wochepa kwambiri pouyerekeza ndi wa mafiriji a m'sitolomo. Khonsolo ili ndi mphamvu yoika zimenezi ngati mfundo za chilolezo, n'kukana kuti sitolo itsegulidwe zisanachitike. Mphamvu imeneyo imagwira ntchito maziko asanakumbidwe. Sitolo ikatsegulidwa, chotsala ndi kupempha, ndipo m'makomboni mwathu taonapo kangati anthu akukumba okha msewu kapena kuunjika miyala ndi dothi mwana atagundidwa kale? Mahampu a mkwiyo amenewo alibe chikwangwani, alibe penti, ndipo usiku amagwetsa wa njinga.

Lamulo la 2015 lija limapatsa anthu mpata wonena maganizo awo pamene mwini malo akufuna kusintha ntchito ya malowo, monga kuchoka pa nyumba zogona kukhala sitolo. Chidziwitso chake chimatuluka, koma nthawi zambiri m'Chingerezi, m'tizilembo ting'onoting'ono ta m'nyuzipepala imene anthu a m'komboni ochepa okha amagula. Choncho inu a ku Chawama, ku Matero, ku George ndi kwina konse, mukaona malata azungulira malo, musadikire riboni. Tengani khansala wanu ndi a komiti ya chitukuko ya wadi, aphunzitsi aakulu a sukulu yapafupi, woimira madalaivala a minibasi ndi woimira azimayi a pamsika, mupite ku maofesi a khonsolo ku Civic Centre mukapemphe kuona pulani. Mukaiyala patebulo, funsani kuti akulozereni polowera munthu wapansi, polowera lole, poima basi ndi powolokera mwana. Chimene chikusowapo mukachilembe m'kalata, mukaisiye ku khonsolo tsiku lomaliza lolandira madandaulo lisanakwane, ndipo kope limodzi lodindidwa chidindo musunge nokha.